Mafayilo Awiri a Mayi Ejenti

4 Sepitembala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula mwendo wa amayi. Dzulo anayesanso kukwera masitepe opita kumsewu, anafika pa yachitatu n'kukhala pansi. Masitepewo ndi khumi ndi imodzi, ndipo amayi atha chaka ndi miyezi iwiri asanaponde msewu.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandithamangitsa ndipo ndimaiwala zofunika.

Ndapeza munthu wotigulitsira nyumba. Ndi mayi, ejenti, ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya penti. Anandilozera ndi bambo wina amene ndinamukonzera wotchi. Achemwali, munthu wotere sindinamuonepo. Anati afika 9 koloko, ndipo pamene amagogoda ndinayang'ana mawotchi atatu, onse anagwirizana naye. Sanayambe ndi kutamanda nyumba ngati madobadoba aja. Anavula nsapato zazitali, navala zafulati zimene amayenda nazo m'chikwama. Anatsegula mpopi n'kuumvetsera ngati dokotala. Ataima pakhomo la khitchini anati, "Muno dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko." Unali m'mawa, achemwali! Ife takhalamo zaka makumi anayi, iye mphindi zinayi.

Ndinamuuza zonse, poti ndi munthu wathu tsopano. Ndinamuuza kuti tikufulumira chifukwa cha amayi, ndinamuuzanso mtengo wotsikitsitsa umene tinagwirizana. Analemba mu fayilo yobiriwira. Ndinasaina pepala la masamba anayi. Musadandaule, nambala ya puloti ndinaiona katatu, dzina la malemu bambo kawiri, palibe cholakwika.

Ndamubwerekanso kabuku kanga ka madzi, kamene ndimalembamo tsiku, ola ndi msinkhu wa madzi nthawi zonse akalowa pakhoma la chipinda chakumbuyo. Muli zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sindinadumphe ngakhale kamodzi. Ndinaona kuti munthu wogwira ntchito mosamala chonchi ayenera kuidziwa bwino nyumba imene akugulitsa.

Tumizani kalata yosonyeza kuti nanunso mwavomera kugulitsa. Mundiuzenso ngati mwini nyumba ya pafupi ndi chipatala chanu ija, yopanda masitepe, yoti amayi akakhalemo, wavomera kutidikira.

Ndine mlongo wanu.

7 Sepitembala

Achimwene,

Moni. Ife tili bwino, alamu anu akunenepa ngati akulipidwa. Amayi muziwapatsa mankhwala atadya kaye.

Mwini nyumba wavomera kudikira mpaka kumapeto kwa Novembala, tsiku limodzi osapitirira. Pali ena akuifuna. Ndiye mvetserani. Gulani penti, mupake khoma lakumbuyo kawiri. Mukankhirepo wadiropu ya amayi. Nyumba igulitsidwe mvula isanayambe. Ndipo kabuku kanu kaja mukabise pansi pa matiresi, kapena mukadye. Aliyense wogulitsa nyumba amaiphoda, si ife oyamba.

Ndine mchemwali wanu.

11 Sepitembala. Ndinali nditamata kale envulopu pamene kalata yanu yafika, ndaing'amba. Mwapereka kabuku? Achimwene, munthu akafuna kukwatira sayamba ndi kuonetsa dzino lobowoka! Komabe palibe kanthu. Ejentiyo adya pokhapokha nyumba ikagulidwa, ndiye pakamwa atseka yekha. Penti mupakebe. Kalata yovomera ija ili momwemu.

24 Sepitembala

Okondedwa achemwali,

Moni nonse. Amayi ali bwino. Ine ayi. Dzulo ndinagwetsa kasipuling'i ka wotchi ya kasitomala, chinthu chimene sichinandichitikire zaka zisanu ndi ziwiri.

Lolemba ndinapita ku ofesi kukapereka kalata yanu. Pabenchi panali bambo wina wovala yunifolomu ya madalaivala a basi, ndi mkazi wake woyembekezera. Tinapatsana moni. Nditalowa, mayi ejenti analandira kalatayo, naiika mu fayilo yobiriwira, natsekera fayiloyo m'kabati ndi kiyi. Kenaka anatsegula kabati ina, natulutsa fayilo yachikasu, n'kuitana anthu aja.

"Bambo, awa ndi amene akufuna kudzaona nyumba yanu. Nawonso ndi anthu anga, monga mmene mulili inu."

Ndinamva ngati mpando ukutsika. Ndinamwetulira, tinagwirizana kuti abwera Loweruka la pa 4. Atatuluka ndinati, "Mayi, pepani, mwati anthu anu?"

Anatseka yachikasu, naibweza, ndipo pokhapo m'pamene anatulutsa yathu. Mafayilo awiriwo sakumana patebulo. Anatsegula tsamba lachitatu la pepala lija. Pamenepo palembedwa kuti ngati wogula apezeka pakati pa makasitomala ake, iye aimira mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndikuvomera. Pansi pake pali siginecha yanga, yooneka bwino.

Achemwali, mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera sitandade 7. Tsambalo ndinaliyang'ana nthawi yaitali tsiku lija, koma mawu ake anali aatali, ndipo ndinachita manyazi kufunsa. Ndinaona kuti manambala ali bwino, ndinasaina.

Sanandiseke. Anati, "Wolakwa ndine. Ndinaona mukuwerenga mofatsa, ndinaganiza kuti mwamva. Ndinayenera kukufunsani." Anandiwerengera tsamba lonse pang'onopang'ono, akumasulira mzere uliwonse. Anati ngati ndifuna ndikhoza kuchoka lero lomwe, sandilipiritsa kanthu.

Ndinafunsa ngati anthu aja akudziwa kale mtengo wathu wotsikitsitsa ndi za amayi.

"Sakudziwa, ndipo kwa ine sadzamva. Iwonso andiuza pamene thumba lawo lathera, inu simudzamva. Ndili ndi makutu awiri, bambo, koma zolowa khutu ili sizitulukira khutu linalo."

"Nanga kabuku?"

"Kabuku ndi nkhani ina. Za m'thumba ndi za mumtima siziwoloka. Za khoma zimawoloka, chifukwa amene adzagone pafupi ndi khomalo ndi iwo. Mukanakhala munthu wanga nokha ndikanakuuzani zomwezi."

Anandibwezera kabukuko m'manja. Anati pali njira zitatu: ndiwauze ndekha Loweruka, kapena awauze iyeyo, kapena asiye ntchito mbali zonse ziwiri osanena chifukwa. Analankhula motsitsa, ngati akundiuza nthawi ya basi.

Khoma ndapaka kawiri monga munanenera, wadiropu ilipo. Ndiuzeni chochita. Ndinayesa kukuimbirani koma munali pantchito, ndipo kunyumba amayi amamva zonse.

Ndine mlongo wanu.

1 Okutobala

Achimwene,

Moni. Mutu ukundipweteka ndipo mukudziwa amene waupweteketsa.

Munaonapo kuti goloboyi mmodzi akugwira magolo onse awiri? Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwayo mukhala inuyo, osati mayi wanu wa nsapato ziwiriyo. Adya kwa ife, adya kwa iwo, kenaka atiphunzitsa chilungamo. Ndipo inu mukumutamanda ngati watsika kumwamba chifukwa chodziwa kumene dzuwa limalowera. Ngakhale nkhuku imadziwa!

Musiyeni. Pezani wina amene sanaone kabuku.

Musaganize kuti ndine woipa mtima. Ine ndimagwira ku wodi ya mafupa. Sabata ino tagoneka agogo awiri amene anagwa pamasitepe, mmodzi sadzayendanso. Ndikawasambitsa ndimaona amayi. Anthu anuwo ndi achinyamata, akhoza kukolopa madzi. Amayi sangakolope chiuno chothyoka.

Loweruka musatsegule pakamwa, ndipo wadiropu isasunthe.

Mchemwali wanu.

9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Moni kwa inu ndi alamu. Kalata yanu yafika Lachiwiri, Loweruka litadutsa kale. Ndikufotokozerani mwandondomeko, mukwiye mutamva zonse.

Anafika 10 koloko. Mayi ejenti anabwera chimanjamanja, wopanda fayilo iliyonse. Anatsika masitepe atagwira mkazi wa dalaivala pamkono, ndipo atalowa anagwada kupereka moni kwa amayi. Amayi anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ndiwe uja ukundigulitsa?" Iye anati, "Ayi amayi, inu mtengo wanu palibe angaukwanitse." Amayi anaseka mpaka kutsokomola.

Anaona pabalaza, khitchini, bafa. Dalaivala ndi munthu waphokoso, amagogoda chilichonse. Mkazi wake salankhula kwambiri. Titafika m'chipinda chakumbuyo, iye anaima pawindo, nayang'ana khoma loyera lija, n'kunena kwa mwamuna wake, "Kabedi ka mwana kadzakhala apa, tikachotsa wadiropuyi."

Ndinayang'ana mayi ejenti. Anaima pakhomo penipeni, phazi lina m'chipinda, lina m'khonde, manja kumbuyo. Sanandikodole, sanatsokomole, sananditsinzinire diso. Anangodikira. Sindinaonepo munthu wodikira chonchija, achemwali. Ine ntchito yanga ndi ya nthawi, koma sindingakuuzeni kuti zinatenga mphindi zingati.

Ndinati, "Bambo, tandithandizani kukankha wadiropuyi."

Tinakankha. Penti inali itayamba kale kutupa m'munsi. Ndinaiboola ndi chikhadabo, inasendeka ngati khungu la mbatata yophika, ndipo kuda kuja kunaonekera. Ndinatulutsa kabuku, n'kuwauza kuti madzi amalowa chaka chilichonse, kuti chaka choipitsitsa anafika masentimita khumi ndi anayi, ndi kuti pentiyo ndapaka ine masabata awiri apitawo kuti asaone. Mawu otsirizawa sanandifunse munthu, anangotuluka.

Dalaivala anasiya phokoso. Anatembenukira kwa mayi ejenti.

"Mumadziwa?"

"Ndimadziwa. Simukanatuluka muno musanamve."

"Ndiye tiuzeni chilungamo, mayi. Anthuwa akuthawa nyumbayi? Akufulumira?"

Amayi anali pabalaza ndi ndodo yawo, masitepe ali panja, aliyense wamaso akanatha kuganiza yekha. Koma mayi ejenti anati, "Funso limenelo afunseni eni ake, ali pomwepa. Ine sindiyankha, monganso sindingawauze zimene munandiuza m'galimoto."

Dalaivala anaseka pang'ono, nati, "Mayi inu ndinu khoma kuposa khomali." Sanandifunse.

Mkazi wake anali akutsegula kabuku tsamba ndi tsamba. Anafunsa ngati ndinalemba ndekha zonsezo. Ndinavomera mwamanyazi, poti inu mumati ndi matenda. Anapempha kuti akabwereke. Ndinayang'ananso mayi ejenti, iye anati, "N'kanu, bambo." Ndinapereka.

Powaperekeza ndinamunong'oneza kuti, "Mwaona bwanji, agula?" Anati, "Zimenezo zili mu fayilo yachikasu."

Mpaka lero kuli zii. Ndikudziwa kuti mwina ndawalakwira amayi. Musawauze, iwo akuganiza kuti zonse zikuyenda, ayamba kale kupinda nsalu zawo.

Ndine mlongo wanu.

26 Okutobala

Achimwene,

Moni. Ndakhala chete chifukwa ndikanalemba sabata ija, pepala likanapsa.

Mwini nyumba kuno wandifunsa kawiri. Ndamuuza kuti zonse zili m'manja, Mulungu andikhululukire.

Ndinamuimbira mayi wanu uja. Ndinati ndimuonetse kuti kubanja kwathu si onse ofatsa. Ndinayamba ndi ukali, iye anandisiya mpaka mpweya unandithera. Ndinayesa kulira, ndipo kulirako kunasanduka kwenikweni. Anandimvetsera, nafunsa za mwendo wa amayi mafunso anzeru kuposa a madokotala ena kuno. Kenaka ndinati, "Mayi, ife akazi tokhatokha, tangondiuzani, anthuwo akadali ndi mtima wogula? Angafike pati?" Anati, "Mukanakhala inu mwandisungitsa mawu, mukanafuna ndiwagulitse kwa munthu chifukwa walira bwino?"

Achimwene, ine ndatha zaka makumi awiri ndikufinya anthu kuti anene zoona, odwala obisa mowa, madokotala obisa zolakwa. Uyu ndinamulephera. Ndinadula foni, koma kenaka ndinaganiza kuti ngati ine wandikaniza chonchi, ndiye kuti dalaivalayonso akukanizidwa chimodzimodzi. Tsiku limenelo ndinadya bwino koyamba.

Sindinakukhululukireni, musasangalale. Mukamva kanthu imbani, ngakhale ndili pantchito.

Mchemwali wanu.

8 Novembala

Okondedwa achemwali,

Moni nonse. Pafoni dzana ndinangoti "abwera" inu n'kuyamba kukuwa, ndiye nazi zonse.

Dalaivala ndi mkazi wake anabwera Lachinayi ndi mmisiri womanga, mkulu wa imvi, kabuku kanga kali m'manja mwake. Anali ataikamo timapepala m'masamba ambiri. Anandifunsa kuti, "Wolemba izi ndinu?" Kenaka anandigwira chanza kachiwiri.

Anati wakhala nako masabata awiri. Anaona kuti madzi salowa tsiku la mvula, amalowa patapita masiku awiri, chaka chilichonse chimodzimodzi. Anaonanso masiku anayi a m'chilimwe pamene madzi analowa kopanda mvula, pamene ine ndinaika chizindikiro cha funso. Anati madzi a pansi pa nthaka sachita zimenezo. Anafunsa ngati kuseri kwa khoma kumadutsa paipi. Ine ndinati ayi. Amayi ali pabalaza anakuwa kuti, "Ilipo! Bambo ako anakwirira paipi yochotsa madzi a kumsewu iwe uli kumsana. Ndinawauza kuti yadothi imasweka."

Tinakumba. Paipiyo inalipo, yosweka pakati, yodzaza mizu. Masiku anayi aja ndi amene a nyumba yakumtunda ankatsuka thanki yawo. Maziko ndi abwino. Zaka zonsezi, achemwali, ndakhala ndikuyeza madzi ndi rula, yankho lili pabalaza likumwa tiyi.

Dzulo mayi ejenti anandiitana. Fayilo yobiriwira inali patebulo, ndi pepala limodzi lochokera mu yachikasu. Akufuna kugula. Mtengo atsitsa, akuti achotserepo za paipi, pulasitala ndi kuumitsa khoma. Watsikira pansi pang'ono pa wotsikitsitsa wathu uja.

Ndinati, "Mayi, ndilandire?"

Anati, "Apa m'pamene kuimira mbali ziwiri kumakulandani kanthu, ndipo sindikubisirani. Mukanakhala wanga nokha ndikanakuuzani kuti kankhani kapena landirani. Pano sindingathe." Anandilembera maina a anthu awiri oyeza mitengo ya nyumba amene sagwira naye ntchito, nati ndikafunse mmodzi ndisanayankhe.

Ndinapita lero. Munthuyo wati mtengowo si wakuba, koma tikadikira mpaka chaka chamawa, paipi itakonzedwa, tikhoza kupeza woposa. Ndawerenga masiku otsala mpaka pa 30, ndi makumi awiri ndi awiri. Ine ndikuti tilandire. Ndikudikira mawu anu, koma imbani, musalembe.

Ndine mlongo wanu.

12 Novembala

Achimwene,

Monga ndanena pafoni, landirani. Kuno ndasaina, makiyi a nyumba ya amayi ndilandira pa 28. Alamu anu abwera ndi galimoto kudzawatenga.

Chinthu chimodzi chokha. Zonse zikatha, mayi uja sadzakhalanso ndi chifukwa chobisira. Mumufunse kuti anthuwo akanafika pati. Akakana, mufunse dalaivalayo, mwati ndi wolongolola. Ndikufuna ndidziwe kuti chikhadabo chanu chija chatidyera zingati.

Tsamba lililonse akuwerengereni mokweza musanasaine. Manyazi muwasiye panja.

Mchemwali wanu.

29 Novembala

Okondedwa achemwali,

Pofika kalatayi amayi akhala atagona kwanu masiku angapo. Mundiuze ngati akudya, ndiponso ngati bedi mwaliika kutali ndi windo. Mapilisi oyera ndi a m'mawa, musadalire zimene anganene iwo.

Alamu akuuzani mmene tinawakwezera pampando, ine mbali ina dalaivala mbali ina, iwo akutilamula ngati ali pa basi. Zimene alamu sanaone ndi zimene zinachitika galimoto itapita.

Tinasainira patebulo la m'khitchini. Mayi ejenti anabwera ndi mafayilo onse awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaika pamodzi. Anawerenga mokweza tsamba lililonse, kwa ine ndi kwa iwo, ngakhale mkazi wa dalaivala ndi wophunzira. Ndikuganiza kuti anachita dala kuti ndisaoneke ndekha. Titasaina anatenga makiyi m'dzanja langa ndi dzanja lake lamanja, nawasamutsira kumanzere, n'kuwapereka. Ine ndimagwira tizitsulo tating'ono tsiku lonse, ndimadziwa dzanja losanjenjemera ndikaliona.

Ndinamuperekeza kumsewu n'kufunsa funso lanu. Anati, "Ntchito yatha, bambo, koma mawu a anthu sanathe." Ndinafunsa ngati sizimulemera kusenza zinsinsi za anthu awiri nthawi imodzi. Anati zimalemera, n'chifukwa chake sachita kawirikawiri, ndipo pa nyumba yathuyi panali masiku amene ankalakalaka atangotiika m'chipinda chimodzi n'kunena zonse. Anasintha nsapato, nakwera galimoto yake.

Nditabwerera kukatenga bokosi langa la zida, ndinapeza dalaivala atakhala pakhonde. Anandiitana kuti ndikhale. Anati mayi uja anamuvutitsa kwambiri, iyeyo anafunsa mayiyo kasanu za mtengo wathu, mpaka anamutengera mphatso, mayiyo n'kuibweza. Tinaseka. Kenaka anandigunda paphewa.

"Pano zatha, achimwene, tingauzane. Inu munene wanu, ine ndinene wanga. Ife kunena zoona tikanatha kufika pa..."

Ndinamugwira dzanja. Ndinati, "Bambo, musanene."

Anadabwa. Inenso ndinadzidabwa. Koma taganizani, achemwali. Munthu uja wasenza chinthu chimenechi miyezi itatu, inu mukumukoka uku, dalaivala uku, ine uku, osatayako ngakhale dontho. Ndiye ife tichitaye pakhonde iye asanafike n'komwe pamphambano? Komanso mukundidziwa. Akananena nambala, ndikanachotsapo imene talandira, ndipo yotsalayo ndikanagona nayo ndi kudzuka nayo mpaka tsiku la imfa yanga.

Dalaivala anati, "Chabwino. Inenso wanuwo musandiuze, mkazi wanga angandiphe."

Choncho yankho la funso lanu ndilibe, ndipo sindidzakhala nalo. Mukhoza kukwiya. Adiresi yanga yatsopano ndalemba kuseri kwa envulopu, ndi chipinda chimodzi kuseri kwa msika, pafupi ndi benchi yanga ya mawotchi.

Moni kwa amayi, alamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu.